Tisanatsike mapiri: zoyenera kuona pa galimoto pokonzekera ulendo wautali



Pa msonkhano wa makolo wapitawu tinagwirizana kuti ana a Folomu 3 apite ku Senga Bay teremu ino ikamatha, In shaa Allah. Mafunso anafunsidwa ambiri. Minibasi ya hayala ndi ndalama zingati? Ikwana ana angati? Tinyamuka nthawi yanji, nanga kamba wa pa ulendo atenga ndani? Onsewa ndi mafunso oyenera. Koma titabwerera kunyumba tinazindikira kuti panalibe ngakhale mmodzi, ife tomwe kuphatikizapo, amene anafunsa za mabuleki a galimoto imene idzanyamule anawo. N'chifukwa chake phunziro la mwezi uno talipatula kuti tikambe za galimoto. Ife si amakaniko. Zimene tilembe pano tinaziphunzira kwa amakaniko, m'mabuku amene amabwera ndi galimoto, komanso pa tsiku lina limene sitifuna kuti lidzabwerenso.

Zaka zitatu zapitazo uthenga wa maliro unatipeza usiku. Mukudziwa kuti ife mtembo sitiugoneka masiku, choncho pofika Swala ya Fajr tinali titapeza kale minibasi, ndipo tinadzazana kulowera ku Salima. Galimotoyo inalira atangopotokola kiyi kamodzi, aliyense n'kuti ili bwino kwambiri. Titadutsa pa Chezi ndi pa Mvera, msewu utayamba kutsetsereka ndi kukhotakhota, tinamva fungo lopserera ngati la mphika woiwalika pamoto. Amene tinakhala kutsogolo tinaona dalaivala akuponda buleki, phazi n'kumangolowa mpaka pansi. Anapopa kangapo, analowetsa giya yotsika mokakamiza injini n'kulira ngati iphulika, kenako anakoka handibuleki pang'onopang'ono mpaka tinaima pa kachitunda kena. Magudumu akutsogolo ankafuka utsi. Alhamdulillah, palibe anavulala. Kumaliro tinafika anzathu ataika kale.

Makaniko amene anaiona tsiku lotsatira anapeza zinthu zitatu. Mapadi a mabuleki anali atatha, chitsulo chikudyana ndi chitsulo. Brake fluid anali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo zinkaoneka kuti sanasinthidwepo chifikire galimotoyo kuchokera ku Japan. Chachitatu anaulula yekha dalaivala: mitsetse yonse ankaitsika galimoto ili pa free, pofuna kupulumutsa dizilo. Zonse zitatuzi zikanadziwika tisananyamuke, ziwiri poyang'ana ndi maso, chimodzi pongofunsa.

Chizolowezi chathu n'chakuti galimoto timaiyesa ndi kulira kwa injini. Ikalira msanga, yakonzeka. Ku chigwa mwina munthu akhoza kupulumuka ndi maganizo amenewa kwa zaka zingapo. Kwathu kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi funso loyamba liyenera kukhala lakuti: kodi galimotoyi, itadzaza, ikhoza kuima pa mtsetse?

Chifukwa chake mapiri athu amadya mabuleki

Ana a Physics atithandize pano. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere. Mzinda wa Lilongwe uli pa mamita oposa 1,000, ndipo mapiri athu ndi okwera kuposa pamenepo. Ndiye kuti wochoka kuno kupita ku Salima pa msewu wa M14, kapena wochoka ku Ntchisi kudzera pa Malomo kulowera ku Nkhotakota pa M18, amatsika mamita osachepera 500. Tengani minibasi yodzaza anthu, yolemera makilogalamu 3,000. Chulukitsani 3,000 ndi 10 ndi 500, monga mumachitira pa potential energy, mupeza ma joule 15 miliyoni. Mphamvu imeneyi ikhoza kutenga madzi ozizira a ndowa ziwiri za malita 20 n'kuwafikitsa pa kuwira. Siingosowa yokha. Ina imathera mu mphepo imene galimoto ikulimbana nayo, ina m'matayala, koma yotsalayo iyenera kupita kwinakwake. Ngati galimoto ili pa giya yoyenera, injini imameza gawo lalikulu. Ngati ili pa free, zonse zimagwera pa timapadi tating'ono kuposa chikhatho cha munthu, n'kusanduka kutentha.

Tsono mukaponda buleki, phazi lanu silifika ku gudumu. Limakankha madzi apadera aja otchedwa brake fluid, amene amayenda m'timapaipi mpaka ku magudumu, n'kukankha mapadi kuti atsine disiki, chitsulo chimene chimazungulira pamodzi ndi tayala. Njirayi imagwira ntchito chifukwa madzi safinyika. Nthunzi imafinyika. Brake fluid akatentha mpaka kuwira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo phazi limangofinya nthunziyo osafika ku mapadi. N'zimene tinaona tsiku lija.

Choipa cha brake fluid n'chakuti amayamwa chinyezi cha mu mpweya pang'onopang'ono, ngakhale galimoto ikungokhala. Wa mtundu wa DOT 3, malinga ndi muyezo wake, akakhala watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akayamwa madzi muyezowo umatsikira pa 140. Wa DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati asinthidwe yense pakatha zaka ziwiri. Funsani eni galimoto amene mumawadziwa kuti anasintha liti. Ambiri adzakuuzani kuti amangowonjezera akachepa.

Kuona kwake sikufuna galaja. Kabotolo ka brake fluid kamakhala pansi pa boneti cha kumbali kwa dalaivala, ndipo pa minibasi zambiri kamakhala mkati, pafupi ndi chiwongolero. Kali ndi mizere iwiri, MIN ndi MAX. Watsopano amaoneka ngati mafuta ophikira. Akada, nthawi yake yatha. Akatsika kufika pa MIN, musathamangire kuwonjezera musanafunse kuti wapita kuti, chifukwa mayankho ndi awiri okha: mapadi adyeka, kapena penapake pakudontha. Suzumirani kuseri kwa gudumu lililonse ngati panyowa. Kenako lizani injini, pondani buleki mwamphamvu, ndipo muigwire choncho kwa theka la mphindi. Phazi likamalowa pang'onopang'ono, galimotoyo isanyamuke. Mapadi akaonda kufika pa mamilimita atatu asinthidwe, osadikira kuti ayambe kulira. Yendetsani pang'ono pa bwalo n'kuponda buleki: ikakokera mbali imodzi, gudumu lina silikugwira. Handibuleki muiyese pa mtsetse weniweni, poti mitsetse sitiisowa kuno. Ndipo m'kabotolo muja musalowe china chilichonse. Tamvapo za anthu othiramo madzi a sopo kapena oyilo wa injini. Oyilo amatupitsa timalabala ta mkati, ndipo kukonza kwake kumaposa kutali mtengo wa botolo la brake fluid.

Mabuleki abwino akhoza kuphedwanso ndi katsikidwe koipa. Lamulo la madalaivala akale n'losavuta kukumbukira: phiri litsikeni ndi giya imene mungalikwerere. Giyayo ilowe mtsetse usanayambe, osati galimoto itathamanga kale. Galimoto za automatic, zimene zachuluka masiku ano, zili ndi 2 ndi L pa ndodo ya giya, zina zili ndi S kapena B, ndipo ntchito yake ndi imeneyi. Pali anthu amene akhala ndi galimoto zaka zisanu osachokapo pa D. Injini ikamalira mokweza potsika musaope, ikugwira ntchito imene mabuleki akanaivutikira. Buleki ipondeni mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro litsike, kenako ichotseni phazi kuti ipume; kuigoneka phazi mtsetse wonse ndi kumene kumaiwotcha. Ena amafika pozimitsiratu injini potsika. Uku ndi kusewera ndi moyo wa anthu, chifukwa chimene chimafewetsa buleki chimadalira injini, ndipo mukaponda kawiri kapena katatu buleki imauma ngati mwala, chiwongolero nachonso n'kulimba. Fungo lopserera likamveka, imani pamalo oonekera, ikani miyala ku matayala, dikirani. Musathire madzi pa disiki yotentha, imapindika.

Matayala

Galimoto yonse, ndi anthu onse amene ali mkatimo, imakhudza msewu pa malo anayi okha, aliwonse aakulu ngati chikhatho. Buleki imaimitsa gudumu, koma choimitsa galimoto ndi tayala. Apa tichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene kusowa kwa ndalama kumatipusitsa kwambiri.

M'ngalande za tayala muli timizere totukuka timene opanga anaika dala. Timeneti tili pa mamilimita 1.6. Mano a tayala akadyeka mpaka kulingana nato, tayalalo latha, ngakhale mwini wake atanena kuti likadali ndi miyezi itatu. Pa mvula ya Januwale, tayala la mano osakwana mamilimita atatu limalephera kale kutaya madzi, galimoto n'kumayandama. Onaninso kadyekedwe kake. Likadyeka mbali imodzi yokha, miyendo ya galimoto inasokonekera, kawirikawiri chifukwa cha maenje, ndipo tayala latsopano lidzadyekanso chimodzimodzi mukapanda kukonzetsa alignment. Chotupa cha m'mbali mwa tayala chimatanthauza kuti ulusi wa mkati unaduka. Chimenecho sichimatidwa.

Tayala limakalambanso ngakhale mano alipo. M'mbali mwake, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, muli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amati likapitirira zaka 5 lizionedwa ndi katswiri chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe kaya likuoneka bwanji. Izi zikukhudza kwambiri matayala a kaunjika. Sitikunyoza ogula, tikudziwa mtengo wa latsopano, koma wogulayo awerenge manambalawa asanapereke ndalama, ayang'ane ming'alu, ndipo akane tayala limene mano ake anachita kusemedwa ndi mpeni. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi matayala oyendera pa chipale, olembedwa STUDLESS kapena okhala ndi chizindikiro cha phiri. Mano ake amaoneka okongola zedi, koma labala wake ndi wofewa, wopangira kuzizira, ndipo pa tala wotentha wa ku Salima mu Okutobala amadyeka msanga komanso amachedwa kuima. Minibasi nayo ili ndi matayala akeake onyamula katundu, olembedwa C kapena LT pafupi ndi nambala ya saizi. Minibasi yovala matayala a galimoto yaing'ono isanyamule ana athu.

Mpweya sauyesa pomenya tayala ndi nsapato. Muyezo wake unalembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo nthawi zambiri pamakhala manambala awiri, a galimoto yopepuka ndi a yodzaza. Yesani m'mawa matayala asanatenthe. Anthu ambiri amaopa kupopa kwambiri poganiza kuti tayala liphulika, chonsecho limene limaphulika kawirikawiri ndi lochepa mpweya: limapindikapindika m'mbali likamazungulira, limatentha, ulusi n'kulekana.

Tayala la sipeya ndi limene timaliiwala mpaka tsiku loti tilifune. Litulutseni, lioneni, lipopeni. Ngati ndi kaja kakang'ono kopyapyala, kamafuna mpweya wambiri, 420 kPa, ndipo sikayenera kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola. Ndi kokufikitsani kwa omata matayala basi. Yesani jeke ndi sipanala muli pakhomo, chifukwa si kamodzi anthu apeza pa msewu kuti sipanala siikwana manati. Posintha tayala ikani miyala ku magudumu enawo, ndipo munthu asalowe kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke. Mukayenda makilomita ngati 50 imani mumangenso manati.

Pobwerera, phiri lomwelo limayesa injini

Mtsetse umene unavutitsa mabuleki popita umasanduka chikweza pobwerera, ndipo ambiri timaukwera masana, dzuwa lili pamutu, galimoto italemera ndi nsomba ndi mpunga. Galimoto zimene mumaziona zitatsekula boneti m'mbali mwa msewu wa Salima, zambiri vuto lake ndi madzi.

Madzi a mu radiyeta aonedwe injini ili yozizira. Ana, ichi muchigwire: chivindikiro cha radiyeta sichitsekulidwa injini ili yotentha. Chimatsekera mphamvu mkati dala kuti madzi asawire ngakhale atapitirira madigiri 100, ndiye mukachitsekula onse amawira nthawi imodzi n'kukuthovokerani kumaso. Kalabala ka chivindikirocho kakang'ambika, madzi amawira msanga pa chikweza. Ndi kanthu kotchipa kamene kapha injini zambiri. Finyani mapaipi a labala: olimba ngati mtengo, ofewa ngati nthochi yakupsa, kapena otupa pafupi ndi pomangira, asinthidwe. Siyani injini ilire mpaka itenthe muone ngati fani ikuzungulira. M'radiyeta muyenera kukhala coolant, madzi a mtundu aja, chifukwa amateteza dzimbiri. Madzi a pa mjigo ndi a pangozi pokha, poti amasiya miyala yoyera ngati imene mumaiona m'ketulo, n'kutseka timipata ta radiyeta. Pali chizolowezi china chochotsa thermostat galimoto ikangofika m'dziko muno, ati chifukwa kuno n'kotentha. Kuteroko n'kubisa matenda. Injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, makamaka m'mawa wa Juni ku Ntchisi, imamwa mafuta ambiri, ndipo chimene chinkaitenthetsa chija chimakhala chikadalipo.

Pokwera, diso lizipita pa muvi wa kutentha. Ukayamba kupitirira pamene umakhala masiku onse, zimitsani air con, tsitsani giya, funani poima. Nthunzi ikaoneka, zimitsani injini n'kudikira theka la ola kapena kuposa. Mawu akuti tingomaliza kachitunda aka ndi amene amawotcha gasket, ndipo ndalama yake imaposa fizi ya mwana ya teremu.

Oyilo ndi wosavuta. Galimoto iime pa malo athyathyathya, injini izime kwa mphindi zingapo, solani kachitsulo koyezera, pukutani, bwezerani, solaninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri. Akaoneka ngati tiyi wa mkaka, madzi alowa mu injini, ndipo ulendo uyambe waima. Nyali yofiira ya kabotolo ka oyilo ikayaka mukuyenda, zimitsani injini pomwepo, chifukwa imeneyo siidikira kuti mufike pa Mponela. Nyali ya batire ikayaka, onani fanibeluti: pa galimoto zambiri lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi. Ngati tsiku la sevisi layandikira, chitani sevisi musanapite, ndipo pasakhale pa tsiku lomaliza. Ntchito ya ku galaja imafuna tsiku limodzi kapena awiri oyendayenda pafupi, kuti ngati nati wina sanamangidwe adziwikire kuno.

Za mafuta tinene mwachidule. Zaka zapitazi taona mizere pa mafiling'i siteshoni, ndipo ambiri tagulapo mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Amenewo simudziwa kuti asakanizidwa ndi chiyani, palafini kapena madzi. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi akakhala m'chigubu chosatsekeka bwino. Thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwera dzulo lake, pa pampu. Chigubu cha petulo chisakwere mkati mmene muli ana.

Zotsala zimene zimatenga mphindi khumi

Munthu mmodzi akhale pa chiwongolero, wina azungulire galimoto: nyali zazifupi, zazitali, ma indiketa, nyali za buleki, za rivesi, hutala. Misewu yathu usiku imakhala ndi ngolo za ng'ombe ndi njinga zopanda chowala chilichonse, makamaka nyengo ya fodya pa M1 pakati pa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, ndipo galimoto ya diso limodzi woyenda pa njinga amaiyesa njinga yamoto. Mu nkhungu ya m'mapiri yatsani nyali zazifupi, chifukwa zazitali zimangokubwererani m'maso. Mawayipa amauma ndi dzuwa la chilimwe, n'kudzakanika pa mvula yoyamba. Batire limangidwe kuti lisagwedere pa msewu wafumbi, ndipo ufa woyera wa pa mitu yake utsukidwe. Air filter imatsekeka msanga ndi fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala. Iunikeni pa dzuwa, kuwala kukapanda kudutsa gulani ina.

M'galimoto mukhale matirayango awiri, tochi, chingwe chokokera, chozimitsira moto, madzi a malita asanu, ndi bokosi la chithandizo choyamba. Nthambi za mitengo zimene timayala pa msewu sizioneka usiku, ndipo ambiri amazisiya pomwepo akachoka. Mapepala akhale a moyo: laisensi yogwirizana ndi mtundu wa galimoto ndi chilolezo chonyamula anthu, inshuwalansi, ndi COF ya ku Road Traffic. Koma COF imanena mmene galimoto inalili tsiku limene inayesedwa. Minibasi imene inatitaya mtima ija inali ndi COF yosatha pa galasi.

Katundu ndi woyendetsa

Galimoto iliyonse inapangidwira kulemera kwake, ndipo mabuleki ndi matayala anawerengedwa pa kulemera kumeneko. Sienta ili ndi mipando 7. Probox ya katundu inalembedwa makilogalamu 400, omwe ndi matumba 8 a chimanga, pali anthu awiri okha kutsogolo. Zimene timaziona pa siteji mukuzidziwa nokha. Pa ulendo wa sukulu chiwerengero cha ana chilingane ndi mipando, ndipo pamene pali lamba amangidwe. Tikudziwa kuti zimenezi zikweza chopereka cha kholo lililonse, ndipo ena adandaula. Ife tikuona kuti kuli bwino ulendo uchedwe ndi mwezi umodzi ndalama zikwane, kusiyana ndi kupanikiza ana 22 m'galimoto ya anthu 15.

Liwiro nalo lili ndi masamu ake. Mukaliwirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, ndiye dalaivala akangoyang'ana foni masekondi awiri wadutsa pafupifupi theka la bwalo la mpira asakuona. Bungwe la WHO mu lipoti lake la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo ngozizi ndi zimene zimapha kwambiri a zaka za pakati pa 5 ndi 29, msinkhu wa ana amene tikuwatumizawa. Dalaivala amene wayenda usiku wonse kuchokera ku Mzuzu n'kubwera kudzatinyamula m'mawa ndi woopsa ngati tayala lotupa. Afunsidwe kuti wagona maola angati. Poima kuti tiswali, imeneyo ikhalenso nthawi yozungulira galimoto: kuyandikiza dzanja ku gudumu lililonse ngati lina latentha kuposa anzake, kuona matayala, kusuzumira pansi ngati pakudontha kanthu.

Titapulumuka tsiku lija, m'bale wina anati tsiku lathu linali lisanakwane. Ananena zoona, ndipo palibe Msilamu angatsutse. Koma ana a eni akakwera galimoto imene ife tasankha amakhala amana m'manja mwathu, ndipo tidzafunsidwa pa zimene zinali m'kuthekera kwathu: kutsekula boneti, kuwerenga manambala a pa tayala, ndi kukana.

Kukanako ndi kumene kumativuta. Mwini galimoto ndi mnansi wathu, mwina watichotserako mtengo, ndiye kumuuza kuti tayala lanu latha kumaoneka ngati chipongwe. M'mawa wa ulendo, ana atafola ndi zikwama zawo, palibe amene angalimbe mtima kunena kuti tibwerere. N'chifukwa chake tikupempha akuluakulu a komiti zinthu ziwiri. Choyamba, galimoto ya ulendo uliwonse wa sukulu izibwera pa bwalo masiku atatu ulendo usanachitike, ndipo komiti isankhe anthu awiri, mmodzi wodziwa za umakaniko, amene mawu awo akuti iyi siyipita adzakhale omaliza. Mwini galimoto auzidwe zimenezi pokambirana mtengo, kuti asadzaone ngati tikumuchita chipongwe. Chachiwiri chikukhudza maliro. Ulendo wa maliro supereka masiku atatu, choncho galimoto zimene timazidalira pa zovuta zizionedwa mwezi ndi mwezi, mwina Lachisanu loyamba tikatuluka ku Jumu'ah, eni ake ali pomwepo.

Ntchito ya ophunzira

A Folomu 3 ndi 4, pezani galimoto ya kunyumba, ya mnansi kapena ya pa siteji, mupemphe chilolezo kwa mwini wake mwaulemu, ndipo mulembe manambala anayi a DOT a tayala lililonse, kuphatikizapo la sipeya. Werengerani zaka za tayala lililonse. Lembaninso muyezo wa mpweya umene uli pa chitseko cha dalaivala. Kenako bwerezani masamu a potential energy aja pa Sienta yolemera makilogalamu 1,700 imene ikutsika mamita 500, ndipo mupeze malita a madzi amene mphamvuyo ingawiritse kuchokera pa madigiri 20. Mayankho afike Lolemba. Minibasi ya ku Senga Bay idzabwera pa bwalo la sukulu Lachitatu la sabata ya ulendo ikatha Swala ya Asr. Makolo amene angathe abwere, ndipo amene ali ndi geji ya mpweya aitenge.